Kalata kwa akuluakulu: amene alumala pa ntchito ndi pa msewu kuno ku Chigwa cha Shire akusowa owayimira

Kwa olemekezeka Nduna ya Zachilungamo, Nduna ya Zantchito, Nduna yoona za anthu aulumali, Mkulu wa Legal Aid Bureau (ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu), Kamishinala woona za chipukuta misozi cha ogwira ntchito, atsogoleri a Malawi Law Society (bungwe la maloya), abwanamkubwa a maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komanso aphungu athu onse a m'chigwa muno.

Zikomo akuluakulu, landirani moni wochokera kuno kumunsi kwa Shire. Ndikudziwa kuti pa matebulo anu pali nkhani zambiri, choncho ndikuthokozeranitu chifukwa cha nthawi imene mupatule kuti muwerenge kalatayi. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Popeza Chingerezi ndimachimva, anthu a m'dera lathu amandibweretsera mapepala awo kuti ndiwawerengere: makalata a kuntchito, mafomu a kuchipatala, malipoti a apolisi. Zimene ndakhala ndikuwerenga m'mapepala amenewa ndi zimene zandilembetsa. Ndasankha kulemba poyera kuti anzanga a ku Chapananga, ku Makhuwira, ku Ngabu, kwa Tengani, kwa Mlolo ndi kwa Ndamera amve nawo, chifukwa eni nkhaniyi ndi iwowo.

Dandaulo langa ndi lakuti munthu akalumala chifukwa cha ngozi ya pa ntchito kapena ya pa msewu, malamulo a dziko lino amamupatsa ufulu wolandira ndalama, koma kuno ambiri sazilandira, ndipo amene alandira amalandira kachigawo kochepa kwambiri. Chifukwa chachikulu n'chakuti pa nthawi yokambirana za ndalamazo amakhala okha. Bwana wa ntchito amakhala ndi womulangiza. Kampani ya inshuwalansi ili ndi maloya ake amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi imeneyi. Wovulala uja amakhala ndi mkazi wake, bambo ake aang'ono, ndi buku la kuchipatala.

Tikumbukirenso kuti m'dziko muno mulibe ndalama ya mwezi ndi mwezi imene boma limapereka kwa munthu aliyense chifukwa choti ali ndi ulumali. Njira zimene zilipo n'zochepa: chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, ndalama za inshuwalansi ya galimoto, penshoni kwa amene ankasonkha, ndi Mtukula Pakhomo kwa mabanja ochepa osaukitsitsa. Zambiri mwa izi zimabwera kamodzi kokha pa moyo wa munthu. Akaphonya ulendo umodziwo, ndiye kuti iye ndi ana ake aphonya mpaka kale. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 564,684 ku Chikwawa ndi 299,168 ku Nsanje, ndipo anapezanso kuti m'dziko lonse pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Nkhaniyi si ya mabanja awiri kapena atatu ayi.

Dandaulo loyamba ndi la kudinditsa chala.

Mnyamata wina wa m'dera lathu ankagwira ntchito pa chigayo cha munthu pa malo ena ochitira malonda. Tsiku lina lamba wa injini anakola mkono wa malaya ake n'kukoka dzanja lonse lamanja. Kuchipatala anadula pansi pa chigongono. Mwini chigayo sanamutaye: anapereka galimoto yopita naye kuchipatala, anakamuzonda, anagula shuga ndi buledi. Mnyamatayo atatuluka, bala lisanapole n'komwe, anaitanidwa pakhonde pa bwanayo. Panali anyakwawa, panali bambo ake aang'ono, panali pepala lotayipa m'Chingerezi ndi kabokosi ka inki. Popeza dzanja lolembera linali litapita, anamugwira chala chachikulu cha kumanzere n'kuchidinda pansi pa pepalalo. Anapatsidwa matumba awiri a chimanga ndi ndalama zoti sizikanakwana kugula mbuzi zitatu. Onse anaomba m'manja, n'kuthokoza bwana chifukwa cha mtima wabwino. Patapita miyezi, chimanga chitatha, mayi ake anandibweretsera pepala lija atalikulunga m'kansalu. Linkanena kuti mnyamatayo walandira zonse zomuyenera, ngoziyo inachitika chifukwa cha kusasamala kwake, ndipo sadzafunsanso kanthu kwina kulikonse.

Pa anthu onse amene anali pakhonde paja, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kuli lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito, la Workers' Compensation Act la mu 2000. Ndikukhulupirira kuti ngakhale mwini chigayoyo sankalidziwa bwino. Lamulo limeneli limati munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, alandire malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54. Akamwalira, abale amene ankadalira iye alandire malipiro a miyezi 42. Akalumala mbali ina ya thupi, alandire gawo la miyezi 54 ija molingana ndi kukula kwa ulumali wake. Chinanso chofunika n'chakuti pa lamulo limeneli wovulala safunika kuyamba waonetsa kuti bwana ndiye analakwa. Chachikulu n'choti ngoziyo yachitika pa ntchito ndiponso chifukwa cha ntchitoyo. Loya, ngakhale paraligo (mlangizi wa za malamulo amene si loya) wophunzitsidwa bwino, akanangomuuza mnyamatayo mawu ochepa okha: usadinde lero, tiyeni tikaonane ndi a ofesi ya leba. Ndipo ngakhale atadinda kale, woyimira anthu pa milandu akanaunika ngati pepala lotero lili ndi mphamvu, chifukwa si chilichonse chodindidwa chala chimene khothi limachivomereza. Koma kumudzi kuno chala chikangodindidwa, aliyense amati nkhani yatha, ndipo wofuna kuidzutsanso amaoneka ngati wosayamika.

Sindikunyoza mafumu athu. Iwo amaweruza kuti anthu akhalirane bwino, ndipo pa milandu ya malire a minda kapena ng'ombe zodya mbewu za eni amatithandiza kwambiri. Koma mtengo wa dzanja la munthu unalembedwa kale m'lamulo, ndipo anyakwawa sanapatsidwepo buku limenelo.

Dandaulo lachiwiri ndi la maperesenti, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete.

Amene afika ku ofesi ya leba amapatsidwa fomu yoti a chipatala alembepo kuti ulumali wawo ndi wa maperesenti angati. Nambala imeneyi ndi imene imagamula zonse. Tiyerekeze munthu amene ankalandira K120,000 pamwezi. Kuchulukitsa ka 54 ndi K6,480,000. Akalembedwa kuti walumala ndi 50 peresenti, ayenera kulandira K3,240,000. Akalembedwa 20 peresenti, ndalamazo zimatsika kufika pa K1,296,000. Kusiyana kwakeko ndi pafupifupi K2 miliyoni, ndipo kumachokera pa manambala awiri olembedwa ndi cholembera m'mphindi zochepa, m'chipinda chimene panja pake pali mzere wa odwala malungo. Sindikuloza chala madokotala athu, amene akugwira ntchito ya anthu ambiri ali ochepa. Koma wovulala sadziwa kuti nambalayo ikutanthauza ndalama. Sadziwa kuti ayenera kufotokoza zonse: kuti usiku sagona ndi ululu, kuti khasu sangaligwirenso, kuti diso linalo layambanso kuchita chifunga. Ambiri a ife tinaleredwa kuti pamaso pa dokotala tiziyankha kuti "ndikupezako bwino", ndipo yankho laulemu limenelo ndi limene limakalowa pa fomu. Ena amapimidwa bala lisanakhazikike, vuto lenileni n'kudzaonekera pambuyo pake, fomu itapita kale.

Palinso nkhani ya malipiro amene amawerengerawo. Kuno anthu ambiri amagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ya thonje, pa zomangamanga ndi pa malole kudzera mwa makontrakitala, opanda kalata yolembedwera ntchito, malipiro akulandirira m'manja kapena pa foni. Ngozi ikachitika, amauzidwa kuti "iwe unali waganyu chabe", kapena kontrakitala amaloza mwini ntchito, mwini ntchito n'kulozanso kontrakitala. Funso loti kodi munthuyu anali wantchito pamaso pa lamulo, nanga bwana wake weniweni ndani, ndi funso la malamulo. Lili ndi mayankho ake, ndipo umboni wake umapezeka: buku la kapitawo loitanira mayina, mauthenga a ndalama pa foni, anzake amene ankagwira naye. Koma munthu wosweka msana sangadzuke kukatolera zimenezi, ndiponso sadziwa kuti ndi umboni. Woyimira anthu amadziwa choti afunse ndi koti akachipeze. Amadziwanso kusiyanitsa nkhani yongofunika ku ofesi ya leba ndi nkhani yoyenera kukasumidwa ku khothi chifukwa bwana ananyalanyaza chitetezo, monga kusiya lamba wa makina ali pamtunda wopanda chotchinga. Njira ziwirizi sizibweretsa ndalama zofanana, ndipo munthu ayenera kusankha akudziwa chimene akusankha.

Dandaulo lachitatu ndi la nthawi ndi mapepala. Lamulo la chipukuta misozi limafuna kuti ngozi inenedwe msanga, ndipo pempho liperekedwe miyezi 12 isanathe. Mlandu wa kuvulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina uyenera kufika ku khothi zaka zitatu zisanathe. Kwa munthu wa m'tauni nthawi imeneyi ingaoneke yokwanira. Kwa ife, miyezi yoyamba imathera m'chipatala, mwina ku Queens ku Blantyre, mlezi akugona pansi. Yotsatira imathera pofunafuna chakudya, poti wolima uja ndi amene wagona. Kenako mvula imabwera, msewu wa ku East Bank n'kuduka, kwa Nyachikadza ndi ku Makhanga n'kumafikako pa bwato lokha.

Bambo wina wa kabaza anagundidwa ndi lole pa msewu wa M1, ndipo miyendo yake yonse inafa. Mkazi wake anachita zonse zimene mayi wanzeru angachite. Lipoti la apolisi, zithunzi za ekiselo, buku la kuchipatala ndi kapepala kamene mnzawo wina analembapo nambala ya loleyo, zonse anazimanga mu jumbo n'kuzitsomeka kudenga kuti chiswe ndi ana asazifikire. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi anatenga nyumba ndi denga lomwe. Mayiyo anapulumutsa mwamuna wake pomubereka kumsana. Kumsasa kumene anakakhala, zoganiza zinali ufa ndi lona. Pamene ankadzayamba kufunsa zopezanso mapepala aja, anauzidwa za maulendo ndi ndalama zolipira zimene sakanazikwanitsa, ndipo nambala ya lole ija palibe ankaikumbukira. Akanakhala ndi womuyimira kuyambira pachiyambi, mapepala onsewo akanakhala ndi makope mu fayelo, kalata yopita ku inshuwalansi ikanalembedwa kale, ndipo madzi akanangotenga nyumba yokha. Chigwa chino chinasefukira mu 2015, mu 2019 nthawi ya Idai, mu 2022 nthawi ya Ana, ndi mu 2023. Boma limadziwa bwino kuti kuno mapepala sakhalitsa m'nyumba.

Dandaulo lachinayi ndikulipereka makamaka kwa inu a Malawi Law Society, ndipo ndikulipereka mwaulemu, podziwa kuti maloya ambiri amagwira ntchito yawo mokhulupirika. Pamene palibe thandizo loyenera, pamalowa madobadoba. Munthu akagonekedwa chifukwa cha ngozi ya galimoto, sipatenga masiku ambiri asanafike mlendo wovala bwino pambali pa bedi, atanyamula fomu, akunena kuti watumidwa ndi maloya a ku Blantyre ndipo zonse azisamalira. Amajambula chiphaso cha unzika, amadinditsa chala, amasiya nambala ya foni. Wovulala sauzidwa dzina la loya wake, sapatsidwa kope la zimene wadinda, sauzidwa kuti pa ndalama zikadzabwera adzadulapo zingati. Ena amadzapatsidwa kenakake patapita zaka, m'manja, popanda pepala losonyeza kuti inshuwalansi inapereka zingati. Ena foni ija imangosiya kulowa. Zotsatira zake n'zakuti anthu kuno ayamba kuopa liwu loti loya, ndipo amasankha kulandira zochepa pakhonde pa bwana kusiyana n'kupita kwa amene akanawathandiza. Muli ndi komiti yosungitsa mwambo pakati pa maloya, koma mayi wa kwa Chimombo sadziwa kuti ilipo, ndipo ngakhale atadziwa, angalembe bwanji dandaulo pa munthu amene dzina lake salidziwa?

Za mtunda ndi chilankhulo sindichulukitsa, mukuzidziwa. Kuchoka ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo munthu wa pa njinga ya olumala amalipira katatu: iye, womuperekeza ndi njingayo. Khothi lalikulu lili ku Blantyre, khothi la milandu ya pa ntchito lilinso komweko, makampani a inshuwalansi ndi maloya ambiri ali komweko. Mafomu ali m'Chingerezi, pamene anthu ake amalankhula Chimang'anja ndi Chisena. Wosamva akafika pa ofesi sapeza womasulira chinenero chamanja. Wosaona amawerengeredwa pepala ndi munthu yemweyo amene akufuna kuti alidinde.

Pa penshoni palinso ndalama zimene zikungogona. Chiyambire lamulo la penshoni mu 2011, olemba ntchito amayenera kusonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo munthu amene dokotala watsimikiza kuti sangathenso kugwira ntchito amaloledwa kutenga ndalama zake asanafike zaka zopumira. Ambiri amene ndawawerengera makalata ochotsedwa ntchito chifukwa cha matenda sankadziwa zimenezi. Ena pofufuza amapeza kuti ankadulidwa mwezi ndi mwezi koma ndalamazo sizinkafika kumene zimayenera kupita. Nkhani yotere munthu wamba sangaimalize yekha.

Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wathandiza mabanja ambiri kuno ndipo tikuthokoza. Iyi si nkhani ya ku khothi, koma nayonso imafuna wolankhulira munthu. Pologalamuyi imayang'ana mabanja osaukitsitsa amene alibe wogwira ntchito, ndipo banja limene mutu wake walumala mwadzidzidzi limalowa m'gulu limeneli usiku umodzi. Vuto n'lakuti kalembera amakhala atadutsa kale pamene bamboyo anali wamphamvu, ndipo pa msonkhano wa pansi pa mtengo, pamene mayina amawerengedwa, wosayenda sakhalapo. Njira yodandaulira ilipo, koma amaigwiritsa ntchito ndi amene ali ndi miyendo yofikira kwa a komiti.

Mwina ena mwa inu munena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, maofesi alipo, amene ali ndi vuto abwere. Ndikuvomera kuti maofesi alipo, ndipo ndaonapo maofesala a leba ndi a zachisamaliro cha anthu akuthandiza ndi mtima wonse, nthawi zina opanda ngakhale mafuta a njinga yamoto. Ndikudziwanso kuti Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ili ndi maloya ochepa pa ntchito yochuluka, ndipo nthawi yawo yambiri imapita kwa anthu amene ali m'ndende, amenenso ayenera kuthandizidwa. Koma anthu amene ndikuwanenawa ndi amene ngozi yawalanda mphamvu yofikira pa chitsekocho. Gawo 41 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika ku khothi ndi kupeza chithandizo chogwira mtima ufulu wake ukaphwanyidwa. Gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene limanena poyera za kufikira chilungamo mofanana ndi ena onse. Mu 2024 tinalandiranso lamulo latsopano la anthu aulumali, limene linalowa m'malo mwa la mu 2012 n'kusintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Malonjezo onsewa munawapereka ndinu, ndipo ife tikungopempha kuti atsike phiri la Thabwa afike kuno.

Choncho ndikupempha izi:

1. A Legal Aid Bureau aike loya woona milandu ya kuvulala, chipukuta misozi ndi penshoni za anthu a m'maboma awiriwa, ndipo akhale ndi masiku odziwika ofikira ku Nchalo, Ngabu, Bangula, Chapananga, Muona ndi Marka. Masikuwo alengezedwe pa wailesi za m'madera, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Unduna wa Zachilungamo ndi aphungu athu amenyere ndalama za ntchito imeneyi mu bajeti, chifukwa popanda galimoto ndi mafuta pempholi likhala la pakamwa chabe.

2. Pa zipatala zimene zimalandira ovulala, monga za maboma a Chikwawa ndi Nsanje, Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, pakhale paraligo wodziwika, wokhala ndi chiphaso, amene azionana ndi wovulala aliyense asanatuluke. Ntchito yake ikhale kumuuza ufulu wake m'chilankhulo chake, kumuuza masiku amene ali nawo, kujambula mapepala ake onse ndi kuwasunga, ndi kutumiza nkhani zikuluzikulu kwa loya. Ichi ndiye ndikuchiona chofunika koposa zonse, chifukwa zolakwika zambiri zimachitika m'masabata oyambirira. Bungwe la aparaligo la PASI laonetsa kale m'ndende ndi kupolisi kuti aparaligo amathandiza anthu ambiri pa ndalama zochepa, ndipo luso lomwelo lingagwire ntchito m'zipatala. Nkhani yolola aparaligo a Legal Aid kuyimira anthu m'makhothi a majisitireti, imene yakhala ikukambidwa kwa zaka, muiganizire muli ndi anthu a kuno m'maganizo.

3. Unduna wa Zantchito ulengeze momveka kuti mgwirizano uliwonse wa chipukuta misozi cha wovulala pa ntchito uzichitikira pamaso pa ofesala wa leba, uziwerengedwa m'Chichewa kapena m'Chisena, ndipo wovulala azipatsidwa kope lake. Mafumu onse, kuyambira a Lundu mpaka anyakwawa, auzidwe kuti nkhani zoterezi azizitumiza ku ofesi ya leba.

4. Wovulala aziuzidwa maperesenti amene walembedwa ndi ndalama zimene akutanthauza, komanso njira yopempha kupimidwanso ngati sakukhutira kapena ngati thupi lasintha.

5. A Malawi Law Society aonetsetse kuti gawo lina la ntchito yaulere imene lamulo limafuna kuti loya aliyense azigwira lizifika m'maboma akutali ngati athu. Akhazikitsenso nambala ya foni imene munthu angaimbe m'Chichewa kufunsa ngati amene wamuyendera kuchipatala ndi wa loya weniweni, ndi kudandaula ngati ndalama zake zasowa. Loya aliyense azipereka kwa kasitomala wake pepala losonyeza zimene inshuwalansi yapereka ndi zimene iye wadulapo.

6. Amene mapepala awo anapita ndi madzi apatsidwenso malipoti a apolisi ndi a chipatala popanda kulipira.

7. Thumba la chipukuta misozi cha ogwira ntchito, limene lamulo la mu 2000 linalitchula ndipo lakhala likulankhulidwa kwa zaka zambiri, ligwire ntchito mokwanira. Pamene ndalama zikuyenera kutuluka m'thumba la bwana mwiniyo, bwana wamng'ono ngati wa chigayo uja adzayesetsa kuti nkhani ithere pakhonde, chifukwa mamiliyoniwo alibe. Thumba losonkherana lingateteze wantchito ndi bwana yemwe.

8. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi MACODA ndi FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), akonze njira yoti banja limene mutu wake walumala kalembera atadutsa liziyenderedwa pakhomo ndi kuunikidwa pa Mtukula Pakhomo, osadikira kalembera wina.

Kwa inu abale anga a m'chigwa amene mukuwerenga, pamene tikudikira yankho: wina akavulala pa ntchito, kanenereni ku ofesi ya leba sabata yomweyo, ngakhale bwana akuthandiza bwino. Lembani mayina a amene anaona ngoziyo. Pa ngozi ya pa msewu, lembani nambala ya galimoto pa malo angapo. Jambulani pepala lililonse pa foni ndi kutumizira m'bale wa kutali. Musadinde chala pa pepala limene simunawerengeredwe ndi munthu wanu, ndipo wobwera m'dzina la loya mumufunse dzina la loyayo ndi kumene ofesi yake ili. Kalatayi muwawerengere amene satha kuwerenga, ndipo amene mumatha Chisena muwamasulire agogo ndi amayi athu.

Akuluakulu, ndagwira mwendo wanu. Ndikupempha abwanamkubwa athu awiri kuti aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wotsatira wa khonsolo, aitanepo a Legal Aid, a leba ndi oyimira anthu aulumali, ndipo zimene agwirizane atiuze pa wailesi. Ngati mungafune kumva kuchokera kwa eni ake, mabanja amene ndawatchula m'kalatayi avomera kulankhula nanu, bola mukawapeze kwawo, poti ena mwa iwo sangathe kukwera minibasi.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chigwa cha Shire